Kodi madzi athu amadetsedwa pati?

Nkhani ya zaumoyo ya pa wailesi ya m'dera. Yalembedwa kuti mabanja a ku Entre Lagos, Mandimba, Ngauma ndi Cuamba aziwerengerana kunyumba.

 

Mitambo yayamba kusonkhana, mvula ili pafupi. Chaka ndi chaka, mvula ikangoyamba, ana otsekula m'mimba amachuluka kuchipatala. Ena timati ndi mango, ena timati ndi ndiwo zatsopano zamasamba. Lero tiyeni tione kumadzi. Tikambirana kumene madzi a m'chitsime amachokera, pamene amadetsedwa, ndi zimene anapeza akatswiri amene anayeza madzi a konkuno ku Niassa. Ndikuuzirenitu mutu wa nkhani: madzi a pansi pa nthaka yathu nthawi zambiri amakhala abwino. Amaipira pakamwa pa chitsime ndi m'ndowa zathu, makamaka mvula ikagwa. Malo awiri onsewa ali m'manja mwathu.

Madzi a m'chitsime amachokera kuti?

Ambiri timaganiza kuti pansi pali mtsinje waukulu woyenda. Kuno kwathu sizili choncho. Madzi a m'chitsime ndi a pa mjigo ndi mvula yomweyi imene imatinyowetsa. Ina imathamangira kumitsinje, ina imauma ndi dzuwa, ndipo ina imalowa pansi pang'onopang'ono.

Amene munakumbapo chitsime ku Mandimba kapena ku Ngauma mukudziwa mmene nthaka imasinthira. Pamwamba pamakhala dothi lakuda, kenako katondo wofiira. Mukapitirira mumapeza mwala wofumbutuka, umene umanyenyeka ndi khasu ngati mchenga. Pansi penipeni pamakhala thanthwe lolimba. Thanthweli ndi la mtundu womwewo umene timauona poyera pa mapiri ozungulira Cuamba, monga la Mitucué, ndi mapiri a ku Massangulo. Akatswiri a miyala amati ndi gneiss ndi granite, miyala yakalekale imene yakhala zaka mamiliyoni mazanamazana.

Thanthwe lolimba silisunga madzi, kupatula m'ming'alu yake. Madzi ambiri amakhala mu mwala wofumbutuka uja, monga amakhalira mumchenga wonyowa wa m'mbali mwa mtsinje. Podutsa m'dothi ndi mumwala mamita ambirimbiri, madzi amasefeka. Tizilombo toyambitsa matenda timakodwa m'njira, tina n'kufa tisanafike pansi. N'chifukwa chake mjigo wakuya, wobooledwa ndi makina, umapereka madzi otetezeka kuposa chitsime chosaya cha m'dambo.

Izi zikuyankhanso funso limene limadzetsa mikangano m'midzi: bwanji mjigo anauika kutali ndi nyumba zathu? Munaonapo anthu akubwera ndi mawaya ataliatali ndi zitsulo zokhomera pansi asanaboole mjigo. Iwo amalowetsa mphamvu yamagetsi m'nthaka. Magetsi amadutsa mosavuta mu mwala wofumbutuka wonyowa, koma amavutika kudutsa m'thanthwe louma. Akatero amadziwa pamene mwala wofumbutuka wapita pansi kwambiri kapena pamene pali mng'alu. Mjigo wina ukhoza kutulutsa madzi chaka chonse pamene wina, pamtunda wa mamita 100 okha, n'kukhala wouma. Dziko la Mozambique lili ndi mapu a madzi a pansi pa nthaka amene anatuluka mu 1987, koma mapuwo amangoonetsa chithunzi cha dera lonse. Malo enieni a mjigo amapezeka poyeza pamudzi pomwepo.

Pakati pa nyanja ziwiri

Inu a ku Entre Lagos nthaka yanu ndi ina. Dzina lenilenilo m'Chipwitikizi likutanthauza pakati pa nyanja: Chiuta kumpoto, Chilwa kapena kuti Chirua kumwera. Akatswiri amati kalekale nyanja ziwirizi zinali imodzi, kenako mtunda wamchenga unazilekanitsa. Njanji yochokera ku Cuamba kupita ku Nayuchi ndi Liwonde imadutsa pakati pomwepo.

Nyanja ziwirizi zimasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu. Chiuta ikadzaza imatsanulira madzi mu nyanja ya Amaramba, kumene kumayambira mtsinje wa Lugenda. Lugenda amakathira mu Rovuma, ndipo Rovuma amakafika kunyanja yaikulu ya Indian. Chilwa ilibe potulukira. Mitsinje monga Mnembo wa kuno ku Mozambique, ndi Domasi, Likangala ndi Phalombe ya ku Malawi, imathira madzi m'nyanjayi, koma madziwo amachoka ndi dzuwa lokha. Mukaiwala mphika wa ndiwo pamoto, msuzi umaphwera koma mchere umatsala. Ndi mmenenso zimakhalira ndi Chilwa. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo inauma mu 1968 ndi mu 1995, komanso mbali yaikulu inauma mu 2018. Akatswiri a ku University of Malawi anaitsatira kwa zaka zambiri kuyambira cha m'ma 1960, ndipo anaona kuti madzi akamachepa mchere umachuluka.

Kwa inu okhala m'chigwa, izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Choyamba, zitsime ndi mijigo ina ya pafupi ndi Chilwa imatulutsa madzi amchere, chifukwa dothi la makande limene nyanja inasiya lili ndi mchere. Chachiwiri, madzi a pansi ali pafupi kwambiri. M'dzinja amakwera mpaka kufika m'maenje a zimbudzi, ndipo zikatero chimbudzi ndi chitsime chosaya zimagawana madzi amodzi.

Apa pali msampha umene wagwetsa mabanja ambiri. Madzi a pa mjigo akamamveka kamchere kapena kachitsulo, anthu amausiya n'kukatunga kudambo kapena kunyanja, ati kumeneko madzi ndi okoma. Lilime limamva mchere, koma silimva kolera. Madzi akhoza kukhala oyera mbee, ozizira bwino, okoma pakhosi, koma ali ndi tizilombo tokwanira kugoneka banja lonse.

Zimene anapeza atayeza zitsime za ku Lichinga

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, magulu a akatswiri anayeza madzi a m'zitsime za m'chigawo chathu chino. Gulu lina, limene munali Sam Godfrey, linatsatira zitsime 25 za mu mzinda wa Lichinga kwa miyezi 12, n'kumayerekeza zotsatira zake ndi mvula imene inagwa. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2005. Gulu lina, limene munali Aidan Cronin, linayeza madzi pachitsime komanso madzi osungidwa m'nyumba, ndipo linasindikiza zotsatira zake mu 2006. Ku Lichinga ndi kumtunda ndipo kumazizira kuposa kuno, koma zitsime zake ndi zonga zathu zomwezi: zokumba ndi manja, zina zomangira, zina zapululu. Mfundo zitatu za kafukufukuyu zikutikhudza tonse.

Yoyamba: madzi a pansi pa nthaka ku Niassa, kawirikawiri, si oipa kwambiri. Imeneyi ndi nkhani yabwino. Sitinatembereredwe ndi nthaka yoipa.

Yachiwiri: tizilombo timachuluka m'zitsime mvula ikangogwa, ndipo timachuluka kwambiri pamene pakamwa pa chitsime sipasamalidwa. Ganizirani miyezi yonse ya chilimwe. Mbuzi, nkhuku, nkhumba ndi agalu zakhala zikusiya ndowe pabwalo ponse. Chimbudzi cha ana aang'ono chatayidwa kuseri kwa nyumba. Mvula yoyamba imakokolola zonsezi. Akulu anati madzi saiwala khwawa: amatsata potsetsereka, ndipo ngati chitsime chili kumunsi, simenti yake ili yong'ambika kapena pakamwa pake pali pololoka, zonyansazo zimalowa molunjika osasefedwa ndi nthaka. Chingwe ndi ndowa yotungira zimene zimagona pamatope zimamaliza ntchito yotsalayo.

Yachitatu: madzi osungidwa m'nyumba za ku Lichinga anapezeka oipa kuposa mmene analili pachitsime. Munthu watunga madzi abwino, koma ndowa sinatsukidwe. Waika masamba pamwamba kuti madzi asatayike m'njira. Zala zalowa m'madzi posenza. Kunyumba, mtsuko uli wosavundikira, ndipo kapu imodzi yomweyo mwana watungira, wamwera, waigwetsa pansi, waibwezeramo.

Amayeza bwanji madzi?

Mwina munaonapo a zaumoyo akutenga madzi m'kabotolo pa mjigo wanu. Amatenga mamililita 100, osakwana kapu imodzi ya tiyi, n'kuwasefa pa kapepala kapadera. Kapepalako amakaika m'kabokosi kofunda usiku wonse. Kukacha, pamene panakodwa kachilombo pamaoneka kadontho, ndipo amawerenga madonthowo. Chimene amafuna kwenikweni ndi tizilombo totchedwa E. coli, timene timakhala m'matumbo a anthu ndi a nyama. Tikapezeka m'madzi, ndiye kuti chimbudzi cha munthu kapena ndowe zalowamo, ndipo njira imene tadzera ikhoza kudzeranso kolera, tayifodi ndi kamwazi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli ngakhale mmodzi.

Amayezanso zinthu zochokera m'miyala. Chitsulo chimachititsa madzi kufiira akakhala m'ndowa, ndipo chimathimbiriritsa zovala ndi nsima, koma sichidwalitsa ngati tizilombo. Fluoride ndi wina. Sanunkha, samveka pakamwa, koma akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi amawononga mano a ana amene akukula, ndipo akachuluka kwambiri amafika ndi m'mafupa. Ngati ana ambiri omwa pa mjigo umodzi ali ndi mano a mawanga ofiirira, kanenani kuti madziwo ayezedwe. Dziwani kuti kuwiritsa madzi kapena kuthira mankhwala kumapha tizilombo, koma sikuchotsa mchere kapena fluoride.

Nkhani za mijigo ndi zitsime paboma zimapita ku ofesi ya SDPI, mothandizana ndi a zaumoyo. Mitsinje ndi madamu a kumpoto kuno amayang'anira ndi a ARA-Norte. Madzi a mudzi wanu akayezedwa, muli ndi ufulu wofunsa zotsatira. A komiti, lembani m'kope tsiku limene anayeza ndi zimene anapeza. Lembaninso kuya kwa mjigo, mwezi umene madzi amachepa, ndi tsiku limene madzi anasintha mtundu kapena kakomedwe. Kope limeneli ndi lothandiza kwambiri kwa amisiri akabwera.

Kolera sadziwa malire

Sitikukamba za matenda akutali. Ku Malawi, mliri waukulu wa kolera unayamba mu Malichi 2022 m'boma la Machinga, loyandikana ndi Mecanhelas, pambuyo pa namondwe wa Ana, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Kuno ku Mozambique unayamba mu Sepitembala 2022 m'boma la Lago, konkuno ku Niassa, ndipo unakula kwambiri m'dziko muno namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023. Pa nyanja ya Chilwa kolera anabuka mu 2009 mpaka 2010, n'kubukanso kumapeto kwa 2015. Amene anavutika kwambiri ndi asodzi ogona m'zimbowera, amene amamwa, kuphikira ndi kudzithandiza m'madzi amodzimodzi. Msodzi akadwala amabwerera kumudzi, kaya ndi mbali ino kaya ndi mbali inayo.

Kuti kolera amayenda ndi madzi, zinadziwika kalekale. Mu 1854, mu mzinda wa London, anthu mazanamazana anafa m'masiku ochepa. Dokotala wina dzina lake John Snow anafufuza nyumba zimene munachitika maliro, ndipo anapeza kuti ambiri ankatunga pa pampu imodzi ya mu msewu wa Broad Street. Anthu ankaikonda pampuyo chifukwa madzi ake anali okoma. Pambuyo pake zinadziwika kuti dzenje la zonyansa linali pafupi kwambiri ndi chitsimecho ndipo linkadontheramo.

Pali nkhani ina imene tiyenera kuinena poyera. M'Chipwitikizi mawu akuti cloro ndi cólera amamveka mofanana. M'madera ena a kumpoto kwa dziko lino, mphekesera yakuti a zaumoyo akuthira kolera m'zitsime yachititsa kuti anthu osalakwa amenyedwe, ena kuphedwa kumene, matenda n'kumapitirira. Cloro ndi klorini, mankhwala opha tizilombo m'madzi, omwewo amene ali mu Certeza kuno ndi mu WaterGuard ku Malawi. Mukamva mphekesera yotere, pitani kwa mfumu kapena kuchipatala mukafunse. Amene akuthira klorini amatha kumwa madziwo inu mukuona.

Zoti tichite mvula isanagwe

Sabata ino, a komiti pamodzi ndi amfumu ndi amayi amene amatunga tsiku ndi tsiku, zungulirani chitsime kapena mjigo wanu. Onani izi:

Simenti yozungulira mjigo: ngati yang'ambika, kapena pampu ikugwedera patsinde, konzani msanga. Thumba limodzi la simenti ndi lotchipa kuyerekeza ndi maliro.

Ngalande yotaya madzi: ikhale yosatsekeka, ipititse madzi kutali ndi kumunsi, kudzenje la miyala kapena kudimba. Pasakhale chithaphwi pafupi ndi mjigo.

Kumtunda kwa chitsime: kumbani ngalande yopatutsa madzi a mvula kuti asadutse pachitsime.

Mpanda: mangani, ngakhale wa nsungwi kapena mitengo, kuti ziweto zisafike. Khola, dzala ndi pochapira zikhale kutali.

Chitsime chokumba ndi manja: chikhale ndi khoma lokwera pakamwa ndi chivundikiro. Pakhale ndowa imodzi ndi chingwe chimodzi cha onse, zopachika m'mwamba.

Chimbudzi: chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, ngati masitepe 40 a munthu wamkulu, ndiponso kumunsi kwake. Pansi pa dzenje pakhale patali mita imodzi ndi theka kuchokera pamene madzi amafika m'dzinja. Inu a m'chigwa cha Chilwa ndi Chiuta, kumene madzi ali pafupi, musakumbe dzenje lakuya. Kwezani chimbudzi pa chulu chomangira, kapena tsatani njira ya maenje awiri osaya osinthanasinthana, othiramo phulusa ndi dothi mukatha kudzithandiza. Njira imeneyi anaiphunzitsa kuno ku Niassa, ndi ku Mandimba komwe, a bungwe la ESTAMOS motsogozedwa ndi Feliciano dos Santos, woimba wa gulu la Massukos, amene analandira mphotho ya Goldman mu 2008 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Chitsime kapena mjigo ukamizidwa ndi madzi osefukira, musamwe madzi ake osawateteza kufikira amisiri atautsuka ndi kuthiramo klorini.

Zoti tichite kunyumba

Tsukani chigubu kapena ndowa ndi sopo musanatunge. Chigubu cha pakamwa pang'ono, chokhala ndi chitsekero, chimaposa ndowa yapululu chifukwa dzanja sililowamo. Ngati mukusunga mumtsuko, vundikirani, ndipo pakhale chikho chimodzi cha chogwirira chachitali chotungira basi, chosamwera.

M'dzinja monse, tetezani madzi akumwa ngakhale achokere pa mjigo. Thirani chitsekero chimodzi cha Certeza m'malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Werengani malangizo a pabotolo kapena funsani a APE a m'mudzi mwanu. Madzi akakhala a matope, ayambe adikha, muwasefe pa nsalu yoyera, kenako muthire mankhwala. Ngati mankhwala palibe, wiritsani madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo azizire ali chivundikirire. Abambo opita kunyanja kapena kumunda, nyamulani madzi otetezedwa kapena kabotolo ka mankhwala.

Sambani m'manja ndi sopo kapena phulusa, pa madzi othira osati a m'beseni limodzi: mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndi musanadye. Chimbudzi cha mwana wakhanda chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu, choncho chitayeni m'chimbudzi.

Wina akayamba kutsekula m'mimba kwamadzimadzi, konga madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Sungunulani paketi imodzi ya ORS, imene kuchipatala kuno amati SRO, mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Muzimumwetsa pafupipafupi muli pa ulendo wopita kuchipatala chapafupi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kolera amatha kupha munthu wamphamvu m'maola ochepa, koma wofika msanga kuchipatala amachira.

Tisanatsazikane

Omvera athu, mvula imene ikubwerayi ndi imene idzadzaze zitsime zathu, ndipo nthaka idzagwira ntchito yake yosefa monga imachitira chaka chilichonse. Yathu ndi mamita ochepa ozungulira chitsime, ndi ulendo wa madzi kuchokera pachitsime kufika pakamwa pa mwana. Mutu umodzi susenza denga: mjigo ndi wa mudzi wonse, ndipo ndalama yosonkha mwezi ndi mwezi ndi imene imagula simenti ndi zipangizo zikatha. Mawa m'mawa popita kotunga, imani kaye, muyang'ane pansi pozungulira mjigo, mudzifunse kuti mvula ikagwa usiku uno madzi ake adzera pati. Chimene muone, kauzeni a komiti tsiku lomwelo.

Amene mwalandira kapepala aka, awerengereni anzanu amene sadziwa kuwerenga.